Bambo Ako Atembenuka

Kunyumba
3 Malichi

Mwana wanga wachisamba,

Landira moni wochokera kwa ine mayi ako ndi kwa Mzime, mng'ono wako. Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi odwala ako. Kuno sitili bwino, ndipo sindizungulira.

Bambo ako anagwa m'shedi yawo akupala thabwa la chitseko cha munthu. Mzime ndiye anawapeza ali chagada pa utuchi, maso ali tong'o. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Tinagonako masiku angapo, kenaka anatitulutsa poti bedi linkafunidwa ndi ena. Anatipatsa mapiritsi m'kapepala, namwino wake akulankhula nafe uku akuthamangira kwina. Tsopano ali m'chipinda chathu muno. Mbali yonse ya kumanja yafa, ndipo mawu satuluka. Munthu uja ankati akakuwa agalu a kwa aneba ankathawa, lero amangondiyang'ana.

Ndimawadyetsa ndi supuni, ndimawapukuta, ndimawaikira kabeseni. Mzime amachapa ndi kuphika. Koma bambo ako ndi chimunthu, ukuwadziwa, ndipo msana wanga uja sunasinthe.

China chikundidya mumtima ndi ichi. Munthu ameneyu anakhoma mabenchi onse a m'tchalitchi mwathu, koma sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikawanena ankati, "Ndikumudziwa amene anawakhoma, n'chifukwa chake sindikhalapo." Zinkaseketsa ali ndi mphamvu zawo. Lero sizikundiseketsa, ndikuopa kuti angapite chonchi.

Tinakuphunzitsa unamwino, ndiye aliyense wobwera kudzazonda amasuzumira kuseri kwa chitseko n'kufunsa kuti namwino wanu uja ali kuti. Ndatopa ndi kuwayankha. Ubwera liti?

Ndine mayi ako.

Kuchipatala chachikulu
19 Malichi

Amayi okondedwa,

Kalata yanu yandipeza dzulo ndili mu wodi, ndipo ndinakaiwerengera m'kachipinda kosungira mabulangete kuti anzanga asandione ndikulira. Moni kwa inu ndi kwa Mzime. Abambo muwagwire dzanja lamoyolo, muwauze kuti ndi ine.

Amayi, mtima wanga uli kumeneko koma miyendo yamangidwa. Mukudziwa kuti chipatala chinandisankha kuti ndiwonjezere maphunziro, ndipo chaka chino ndi cha kafukufuku. Ntchito yanga ndi yoona ngati achibale odikirira odwala amamvadi zimene ife anamwino timawaphunzitsa. Ndimatsata odwala omwewo kuyambira tsiku logonekedwa mpaka lotuluka, ndipo wolemba ndi ine ndekha. Ndikachoka pakati, zonse ndasonkhanitsazi zisanduka zinyalala. Wondiyang'anira ndi mayi wina amene timawatcha a Bwerezanso, chifukwa ndiwo mawu okhawo amene amalemba pa mapepala athu. Tchuthi ndikapempha, koma sindikulonjeza.

Ndikulemba mothamanga, mankhwala a masana akundidikira, ndiye mverani chachikulu, choposa mapiritsi onse. Abambo muziwatembenuza. Musatope, ngakhale akane, ngakhale akuyang'aneni ndi diso loipa. Ambiri amakana poyamba. Koma munthu amene wagona chigonere akapanda kutembenuka, zimene zimamudikira n'zoopsa, ine ndaona ndi maso angawa mmene amathera. Musalimbane nazo nokha, mutu umodzi susenza denga, itanani anzanu akuthandizeni. Chitani zimenezi usana ndi usiku, ndipo mundiuze mmene zikuyendera.

Ndine mwana wanu,
Namwino.

Kunyumba
4 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kuno tadzuka, kaya iwe kumeneko.

Zosabwera zakozo zandipweteka, sindibisa. Koma nditafika kumapeto kwa kalata yako ndinagwada pansi kuthokoza. Zaka zonsezi ndinkayesa nkhani imeneyi ndi katundu wanga ndekha, osadziwa kuti nawenso imakusowetsa tulo. Zoti tiwatembenuze bambo ako ndazimva, mwana wanga, ndipo tayamba kale. Ndinaitana Abusa ndi amayi anzanga a kumpingo. Amabwera m'mawa ndi madzulo, ndipo usiku ndimayesetsa ndekha mmene ndingathere.

Unanena zoona kuti amakana. Akangomva nsapato za Abusa pakhonde amatsinzina dala, koma ine ndimaona chikope chikugwedera. Liuma lija sitiroko sinalikhudze. Ife sititopa.

Kudya akudya pang'ono. Mwini chitseko uja anabwera n'kuchitenga chosatha, shedi ndatseka ndi loko. Ukapeza mpata utitumizire mafuta opaka pamsana aja, msanawu ndi wanga.

Ndine mayi ako.

Akulu, ndi ine Mzime, ndabako mpata pansi pa kalata ya amayi. Kodi mwayamba liti kulalikira? Ife kuno timadziwa kuti munapita kukaphunzira jakisoni. Nkhani yanga ndi iyi: andiitana kusukulu ya uphunzitsi ija. Atsegulira pakati pa Juni, ndipo wosafika sabata yoyamba malo ake amapatsa wina. Chaka chatha anandisiya ndili mfulu, chaka chino anditenga ndili pabeseni, taonani mmene tsoka limasewerera. Amayi sindinawauze. Manja anga atuwa ndi sopo, ndipo kutali kumene ndimafika masiku ano ndi pachingwe choyanika zovala. Abambo ndimawakonda, musandimve molakwa. Koma anabereka awiri.

Kuchipatala chachikulu
22 Epulo

Mzime wanga,

Moni, mphunzitsi wamawa. Nkhani ya sukulu yako yandisangalatsa mpaka ndinakumbatira mlonda wa pageti, munthu wosalakwa.

Wati ndikulalikira. Ndamva, ndipo sindikukwiyira. Kulamula uli kutali n'kosavuta, wonyamula beseni ndiwe. Koma usaganize kuti kuno ndikudya zonona. Kachipinda kanga kali kuseri kwa nyumba yochapira, zenera lake limayang'ana khoma, ndipo ndimachoka mu wodi n'kulowa m'mapepala, kuchoka m'mapepala n'kubwerera mu wodi. Msewu wa kutsogolo kwa chipatala ndimauonera pazenera la wodi ngati mmene odwala amauonera.

Ntchitoyo ndimaikonda, ndi pamene pali vuto. Ndimaphunzitsa wodikirira wodwala, akagwedeza mutu kuti wamva ndimati, "Tandionetsani mmene mukachitire kunyumba." Mzime, ukanaona zimene zimatuluka pamenepo! Mayi wina anauzidwa kuti mankhwala awa muziika pamalo pouma, kutanthauza kuti asanyowe. Iye anapita n'kumawapaka mwamuna wake m'zigongono ndi m'zidendene, paliponse pamene khungu linali louma. Mayiyo si wopusa, anachita zimene anamva. Ndikamaliza, zimenezi ziyamba kuphunzitsidwa kwa anamwino achichepere, ndipo mwina adzachepa anthu obwerera kuno atawola.

Kwa a Bwerezanso ndinapita. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti aliyense ali ndi bambo wake. Pomaliza anandipatsa sabata imodzi kumapeto kwa Meyi, anati ndi yokhayo chaka chino, ndipo odwala a sabata imeneyo ndiwataya. Ndavomera. Ndikabwera tikhala pansi ndi amayi za sukulu yako, usachite mantha.

Ndasangalala kumva kuti Abusa akuthandiza, ndi munthu wa mapewa ake. Koma uwauze amayi kuti m'mawa ndi madzulo sizokwanira, azichita pafupipafupi. Mafuta a msana ndatumiza.

Ndine mkulu wako.

Kunyumba
6 Meyi

Mwana wanga wachisamba,

Moni, moni! Lero dzanja likuthamanga kuposa cholembera.

Bambo ako atembenuka!

Zinachitika Lachitatu, tonse tili m'chipinda, Abusa ali kumutu kwa bedi. Tinangoona munthu wayamba kunjenjemera thupi lonse, thukuta lili kamukamu, wagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyo lija. Kenaka anabuula kwambiri, mawu oyamba chigwereni, misozi ili mbwembwembwe. Atembenuka okha, mwana wanga, popanda wowakoka kapena wowakankha. Amayi anzanga anaomba m'manja, ine ndinangokhala pansi n'kumalira. Kuyambira tsiku limenelo sakutsinzinanso anthu akabwera, ndipo zimawachitikira kawirikawiri.

Iwe ndiwe unatilimbitsa mtima kuti tisatope. Tsopano ngakhale utachedwa kubwera, mtima wanga wakhala pansi. Chimene ndinkaopa chija chachoka.

Ndine mayi ako wokondwa.

Kuchipatala chachikulu
20 Meyi

Amayi anga,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo la wodi, ndipo ndinakuwa mpaka odwala ena anadzuka. Anzanga onse aimva nkhaniyi, wofuna ndi wosafuna.

Mwina simukudziwa kukula kwa zimene mwaonazo. Munthu wofa mbali imodzi akatha kudzigubuduza yekha pabedi, kuchoka chagada n'kugona cham'mbali, ndiye kuti mphamvu zayamba kubwerera. Kunjenjemera ndi thukuta musadabwe nazo, ndi ntchito yaikulu kusuntha thupi lonse ndi dzanja limodzi. Ndinkaopa zilonda zimene zimabwera munthu akagonera malo amodzi, zimene zimayamba ngati kufiira chabe n'kumadya mnofu cham'kati. Poti mwakhala mukuwagubuduza mokhulupirika miyezi yonseyi, ndipo tsopano akutha okha, zimenezo sitiziopanso. Mwagwira ntchito ya anamwino, Amayi, ndipo ndikukunyadirani.

Chifukwa cha nkhani yabwinoyi, tchuthi chija ndabweza. Ndaona kuti ndi bwino ndimalize kafukufuku wanga wathunthu, ndidzabwere mu Ogasiti wopanda chondikoka kumbuyo. A Bwerezanso anamwetulira, ndinaona mano awo koyamba.

Mzime ali ndi nkhani yabwino yoti akuuzeni, mumumvere ndi mtima wofewa. Mmene abambo akuchiramu, mutha kukwanitsa ndi thandizo la anzanu.

Ndine mwana wanu,
Namwino.

Kunyumba
5 Juni

Akulu,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga ulibe moni.

Magalasi a amayi anathyoka mwendo, ndiye kalata yanu ndinawawerengera ndine. Nditafika pa mawu akuti kudzigubuduza pabedi, ndinawawerenganso kachiwiri. Akulu, abambo sanagubudukepo. Chibwerereni kuchipatala agona chagada, nkhope kudenga. Palibe anawagubuduzapo. Munalemba kuti tiwatembenuze, amayi anamva za mtima, inenso ndinamva za mtima, n'chifukwa chake ndinakufunsani kuti mwayamba liti kulalikira. Abusa aja sankanyamula munthu, ankanyamula Baibulo. M'mawa ndi madzulo kunali nyimbo ndi mapemphero, ndipo mutati tizichita pafupipafupi, amayi anawonjezera za masana.

Panali kafungo m'chipindamo. Ine ndinkati ndi kabeseni, ndinkakolopa pansi mpaka simenti kuyera. Nditamaliza kalata yanu ndinathamangira kwa Adalaivala a kuseri kwathu aja kuti adzandithandize. Amayi anaima pakhomo, akuti mwana saona msana wa bambo wake. Ndinawasuntha amayiwo pakhomopo, koyamba m'moyo wanga kuwagwira choncho.

Titawagubuduza abambo, nsalu inakanirira pamsana. Kumapeto kwa msana kuli dzenje loti chibakera changa chikhoza kulowa, lakuda m'mbali, lodzaza mafinya. Zidendene nazo zayamba. Adalaivala, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anatuluka panja kukasanza. Amayi akuti anaonako kufiira kalekale poika kabeseni, n'kumathirapo paudala. Kunjenjemera kuja, thukuta lija, kubuula kuja, kunali kutentha thupi ndi ululu. Munthu ankalira kuti akuwola, ife tikumuombera m'manja.

Tinawatengera kuchipatala chathu chaching'onochi. Atsuka, adula zakufazo, awabaya jakisoni, koma bedi palibe. Atibweza ndi mawu akuti tiziwagubuduza maola awiri alionse, usana ndi usiku, anthu awiri, ndipo chilonda chizitsukidwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wodziwa. Atifunsa ngati tili naye wachibale wodziwa. Ndinaseka, namwinoyo anaganiza kuti mutu wanga wasokonekera.

Alendo a kumeneko mumawauza kuti tandionetsani mmene mukachitire. Amayi anu simunawafunse. Sindikunena kuti ndinu nokha wolakwa, inenso ndinali ndi mphuno. Koma pepani sapoletsa chilonda, ndiye musalembe pepani. Musalembe chilichonse. Bwerani.

Za sukulu yanga sindinenapo kanthu.

Mzime.

Kunyumba
26 Juni

Mng'ono wanga,

Moni. Ndikhulupirira unafika bwino ndipo malo ako unawapeza asanapatse wina. Keyala ya sukulu yako ndachita kufunsa kwa aphunzitsi a pafupi pano. Undiuze ngati mukugona pabwino, ndiponso ngati unatenga juzi, chifukwa yako yabuluu ija ndaipeza pachingwe.

Unandichenjerera, ndikuvomera. Unandilandira chikwama pakhomo, n'kundionetsa pamene pali thonje, mabandeji ndi madzi otsukira, kenaka unati ukukagula sopo. Ndinadikira sopoyo mpaka dzuwa kupendeka. Adalaivala ndiwo anatiuza kuti anakuona ukukwera basi yomweyo imene ndinatsika ine. Ndinakwiya, ndinakutukwana chamumtima, kenaka ndinakakhala m'shedi ya abambo n'kuyamba kuseka ndekha. Ukanandiuza ndikanakukaniza, ndipo iwe unkadziwa.

Chilonda ndachiona. Ndatsuka zambiri zotere, koma pamsana pa munthu amene ankandinyamula paphewa, ndinatsuka pang'onopang'ono ngati wophunzira wa chaka choyamba. Mafinya achepa, kutentha thupi kwatsika. Chipola, koma zilonda zimenezi zimapola kuchokera pansi, ndipo zimatenga miyezi. Ndikamawagubuduza amandiyang'ana osaphethira. Sindidziwa ngati akuthokoza kapena akufunsa kuti ndinali kuti.

 Dzana ndikupinda nsalu amayi anandigwira mkono n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti sanatembenuke?" Ndinayang'ana abambo, iwo n'kutsinzina dala monga umawadziwira. Ndinati, "Amayi, zimenezo akudziwa ndi eni ake." Anagwedeza mutu n'kupita kukhitchini, ndipo ndinawamva akutsuka mbale zotsuka kale.

A Bwerezanso anandibwezera sabata ija nditawagwadira, ndipo yatha. Alemba kuti ndikapanda kuoneka mwezi uno usanathe, kafukufuku atseka, ndipo mwayi wotere subwera kawiri. Sanalembe mwankhanza ayi, anatsiriza ndi kufunira abambo zabwino. Odwala anga ena atuluka kale osalembedwa.

Ndayesa njira zonse, Mzime. Msana wa amayi wagwiratu, sangathe ngakhale kukoka nsalu. Adalaivala amathandiza akakhalapo, koma ali ndi maulendo awo. Amayi a kumpingo ndawaphunzitsa, awiri agwira bwino ndithu, koma ali ndi mabanja awo ndipo dzuwa likalowa aliyense kwake. Kuwatengera kumene ndimagwira ntchito sizingatheke, ulendo wake sangaupirire. Mwana mmodzi wa m'nyumba muno ayenera kukhala.

Ndinakhala pansi kuti ndikulembere zimene mkulu wabwino amalemba: usabwere, phunzira, unanyamula kale gawo lako, tsopano ndi nthawi yanga. Mawu amenewo ndi oona, ndipo ndayamba kuwalemba kangapo n'kung'amba pepala. Dzanja likukana. Ndimaganiza za wodi yanga, za mapepala anga ali m'katoni pansi pa bedi, za zaka zimene ndathera pa ntchito imeneyi. Sindine munthu wabwino ngati mmene ndinkaganizira. Ndikudziwa kuti ukabwera malo ako apatsa wina. Ndikudziwa kuti ukalowa pakhomo pano sudzatulukanso msanga. Ndikudziwa zonsezi, mng'ono wanga, ndipo ndikufunabe kuti ubwere.

Ndilekere pomwepa. Nthawi yowagubuduza yakwana, ndipo m'nyumba muno mulibe wogwira kumiyendo. Ndikaime pageti ndione ngati padutse munthu.

Ndine mkulu wako.